Makabuleta Atatu Tsiku Loti Mawa Ukwati

Ntchito ya m'galaja ndinaipeza Loweruka lina ndikuchokera kophunzira nyimbo za kwaya ku Tottenham, mu London. Nthawi imeneyo n'kuti ndatha zaka zingapo ndikusamalira okalamba ku Ilford, ndipo mapepala anga okhalira m'dzikomo anali atangondilola kugwira ntchito iliyonse imene ndingafune. Ndikupita kokwerera basi ndinadutsa pa magalaja aja ali kunsi kwa njanji. M'galaja ina munkalira injini, koma inkalira moipa. Inkatsokomola, kenako n'kumathetheka ku ekizozi ngati chimanga chokazinga. Ndinaima pakhomo.

Munali bambo wachizungu wa imvi, ataweramira pa injini ya galimoto yakalekale. Ndinati, "Pepani bambo, kabuleta imodzi pamenepo ikusowa mafuta."

Anaweramuka n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Wadziwa bwanji?"

Ndinawauza kuti ndinakulira m'galaja ya amalume anga ku Bangwe, kumene pikapu yakale sitayidwa, imangodzutsidwa chaka ndi chaka. Bamboyo anali a Terry, eni galaja. Anaseka, koma anati ndibwere Lolemba ndidzayambe kusesa ndi kutsuka zitsulo.

Anti anga, omwe ndi nesi ndipo ndinkakhala nawo, sanaseke nawo. "Iwe Mphatso, ukusiya mashifiti abwinobwino kuti uzikanunkha petulo? Anzako akuphunzira unesi."

"Anti, manjawa ndi anga," ndinatero. Anakhala sabata yathunthu osandilankhula.

Galaja ya a Terry sinkakonza magalimoto wamba. Inkakonza aja amawatchula kuti ma hot rod, magalimoto akale a ku Amereka omwe eni ake anawadula denga, kuwatsitsa pansi, n'kuwaika injini zikuluzikulu zoonekera kunja. Makaniko wamkulu anali Gary, mwamuna wodziwa kuwotcherera kwambiri, koma wosakonda kuona sipanala m'manja mwanga. Miyezi inayi ndinkangokhalira kutsuka mabawuti. A Terry ndiwo ankandiitana masana ntchito ikachepa kuti ndione mmene amagwirizanitsira makabuleta.

Kwa amene sanaionepo, ntchito yake ndi iyi. Kabuleta imasakaniza mpweya ndi petulo. Injini ikakhala ndi makabuleta atatu, onse ayenera kukoka mpweya wofanana ndi kutseguka nthawi imodzi. Ina ikatsogola, masilinda ena amakhuta pamene ena ali ndi njala. Umayamba watenthetsa injini ndi kuona kuti moto ukufika ku mapulagi pa nthawi yake. Ukatero umachotsa zosefera mpweya, n'kumasula timitengo tachitsulo tolumikiza makabuletawo, kuti iliyonse iziima payokha. Masikulu a mafuta umawamanga pang'onopang'ono mpaka agunde, osakakamiza, kenako n'kuwabweza mofanana onse. Ndiye umatenga kachipangizo koyezera mpweya, n'kukavundikira pakamwa pa kabuleta iliyonse. Muvi wake uyenera kuima pamalo amodzimodzi konse kutatu. Ukakhudza sikulu ya imodzi, zinazo zimasintha, ndiye umangozungulira mobwerezabwereza mpaka zimvane. A Terry ankati, "Dzanja limodzi pa sikulu, lina m'thumba. Osasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi."

Tsiku lovuta linali Lachisanu. A Terry anali kuchipatala kokaonetsa bondo. M'galaja munali galimoto yakuda ya a Howard, kasitomala wakale, ya injini ya masilinda eyiti ndi makabuleta atatu pamzere. Mawa lake inkayenera kunyamula mwana wawo wamkazi kupita naye ku ukwati wake ku Wembley. Vuto lake linali lakuti ikaima pa maloboti inkazima. Gary anali ndi ntchito ina yowotcherera, choncho anandiponyera makiyi. "Uzingoyeza. Zikakukanika undiitane."

Ndinatsata zonse mwa ndondomeko. Yapakati ndi yakumbuyo zinamvana msanga. Yakutsogolo inakana. Muvi unkavina osakhazikika, ndipo sikulu ya mafuta ndikaitembenuza uku kapena uko injini sinkasintha kalikonse. Ndinayambiranso kawiri, zomwezo. Kabuleta ikasiya kumvera sikulu, ndiye kuti mpweya ukulowera pena pomwe suyenera kulowera. Ndinatenga mankhwala opopera otsukira makabuleta, n'kupopera pang'ono patsinde pake, pamene imakhalira pa injini. Nthawi yomweyo injini inakweza mawu, kenako n'kubwerera.

Ndinamuitana Gary. Anamvetsera kamodzi n'kupukusa mutu. "Palibe nthawi yophwasula. Kweza moto, tsegula mafuta konse kutatu, isazimenso. Ukwati ukatha tidzaiona bwino."

Ndinamuuza kuti galimoto ya ukwati imayenda pang'onopang'ono, ndipo mafuta akachuluka chonchi mapulagi adzada galimotoyo isanafike n'komwe ku Wembley.

"Lero wamkulu muno ndine," anatero.

"Ndiye tembenuza wekha sikuluyo," ndinamuyankha. "Ine ayi."

Sindinasunthe pamene ndinaima. Tili mkati mokangana, a Howard analowa, suti ya ukwati ili m'pulasitiki kudzanja. Ataona zosefera zili pabenchi ndi ine nditaweramira injini yawo, nkhope inafiira.

"Gary, injini yanga mwaisiyira mtsikana wosesa uja?"

Ine ndinati, "Bambo, bwerani muime apa." Ndinaliza injini, n'kupoperanso patsinde paja. Injini inakweza mawu pamaso pawo. A Howard ankadziwa zokwanira kumvetsa tanthauzo lake.

"Kabuleta imeneyo ndinamanga ndekha," anatero.

"Munaimanga mopitirira. Tsinde lapindika, gasiketi yotseka mpweya ija sikugwiranso."

Munthu wamkulu sakonda kuuzidwa zotere, makamaka ndi munthu amene wangomutchula kuti wosesa. A Howard anatulutsa foni n'kuimbira a Terry. Anaika pokweza mawu kuti tonse timve. A Terry anamvetsera, kenako anati, "Musiyeni amalize. Mphatso, ukudziwa kuti ikakanika Lolemba sindingathe kukuteteza?"

"Ndikudziwa."

Nthawi inali itadutsa thwelofu. Ndinatseka mafuta, kumasula paipi, kuchotsa manati, n'kunyamula kabuletayo. Nditasiyanitsa tsinde lake n'kuliika pa galasi lokhuthala, kuwala kunkaonekera pansi pake. Latsopano silikanapezeka tsiku lomwelo mu London monse. Ndinamata sandipepa pagalasipo, kudonthezera mafuta pang'ono, n'kuyamba kupala mozungulira, osakanikiza mbali imodzi. Ntchito imeneyi ilibe chidule. Ndinkapala, kupukuta, kuyang'ana, kupalanso. Nsonga za zala zinasupuka. A Howard anakoka chitini cha oyilo n'kukhala pomwepo, suti pamiyendo, osachotsa maso. Foni yawo inalira kanayi. Ndinamva akuuza akazi awo kuti, "Sindikudziwa. Funsa ngati galimoto ya mlamu ilipo."

Mawu amenewo anandibaya, koma sindinadzutse mutu. Chitsulo chitawala chonse mofanana, ndinadula gasiketi yatsopano papepala lake ndi kampeni, n'kuboola mabowo. Pomanga manati ndinkadumphitsa, ili kenako lopingasana nalo, pang'onopang'ono, kuti tsinde likhale pansi lonse nthawi imodzi.

Nditaliza injini ndinapopera patsinde. Sinasinthe. Ndinayambanso kuyeza kuchokera poyambirira, chifukwa ziwiri zija zinali zitagwirizana ndi injini yodwala. Yakutsogolo, yapakati, yakumbuyo, kubwereranso. Ulendo wachisanu muvi unaima pamodzimodzi konse kutatu. Ndinalumikiza timitengo tija, kusintha kutalika kwake mpaka tilowe tokha popanda kukoka chilichonse, n'kuyezanso nditapatsa moto pang'ono. Injini inkangoguguda mofatsa, yosagwedezeka.

A Howard anati tikaiyese limodzi. Tinalowa mumsewu waukulu wa Tottenham nthawi yoweruka, mabasi ali bondo ndi bondo. Tinaima pa maloboti asanu ndi awiri. Ndinkawerenga. Sinazime ngakhale kamodzi. Titabwerera anazimitsa, n'kunditembenukira akadagwira chiwongolero.

"Paja dzina lako ndani?" anafunsa. Anali atabwera m'galajamo kangapo ine ndilipo, koma anali asanafunsepo.

Ukwati unayenda bwino, ndinamva kwa a Terry Lolemba. Gary sanapepese, ndipo ine sindinayembekeze kuti apepesa. Tinagwira limodzi zaka zina ziwiri, ndipo ndinaphunzira kwa iye kuwotcherera.

Chimene ndinasunga kuchokera tsiku limenelo ndi chakuti sikulu si yobisira matenda. Injini ikakana kumvera, ili ndi chifukwa, ndipo wina akakuuza kuti ungophimba chifukwa nthawi yatha, amene adzaime panjira ndi mwini galimoto, osati iyeyo. Sindinatembenuzepo sikulu kuti ndisangalatse munthu, kaya ndi bwana kaya ndi kasitomala.

Mpaka lero amabwera makasitomala atsopano, n'kundipeza nditavala ovolosi, oyilo mpaka m'zigongono, koma amandilambalala n'kumasuzumira kuseri kwanga. "Makaniko alipo?" Ndimawasiya asuzumire mpaka akhutire kuti kulibe wina. Akamaliza ndimapukuta manja n'kunena kuti, "Lizani injini timve."