Mwamuna Wanga Ankadziwa Kuti Njoka Siphethira

Mwamuna wanga anali ndi matenda a "kodi mukudziwa". Munthu uli pakati pochapa, msana ukuwawa, iye n'kutulukira: "Mayi a ana, kodi mukudziwa kuti ng'ombe ilibe mano akutsogolo a m'mwamba?" Ine n'kuyankha kuti, "Ndiye ndiphike zimenezo?" Lamulungu lake anandikokera kukhola la munthu wina kumudzi wapafupi wa Mandeya, n'kuyasamitsa ng'ombe ya eni ake kuti ndione ndekha. Inalibedi mano. Ndinabwerera nditakwiya, chifukwa ananena zoona.

Zinthuzi ankazitola m'mapepala. Nyuzipepala yathunthu sitinagulepo, koma kachidutswa kalikonse kokulungira matimati kapena matemba ankakawongola pabondo n'kukawerenga mpaka m'mphepete. M'menemo ndimo anapeza kuti gulugufe amalawa chakudya ndi mapazi, kuti njoka siphethira, kuti udzudzu woluma ndi waukazi wokha. Ya udzudzuyi ankainena akundiyang'ana ine. M'mizere ya tiyi anthu ankalimbirana kuthyola pafupi naye, ndipo ngakhale kapitawo wathu, munthu wouma nkhope, ankachedwa dala akafika pamzere wake.

Tonse awiri tinabadwira pa esiteti ya tiyi ku Honde, m'dziko la Zimbabwe. Makolo athu anachokera ku Malawi kalekale, anagona pa esiteti pomwepo, ndipo njira ya kwawo anapita nayo kumanda. Amanyika, eni deralo, ankatiseka m'chinenero chawo kuti "hamuna musha", kutanthauza kuti tilibe kwathu, ndipo sankanama. Kwathu kunali kanyumba ka pakomboni, ndipo kanyumbako kanali ka ntchito ya bambo a ana. Ine ndinali waganyu wa nyengo ya mvula chabe. Iye kusiya kuthyola, denga lapita.

M'chaka cha 2008 malipiro anasanduka nthabwala. Ukawalandira m'mawa, pofika kumsika anali atafa kale m'manja. Anzathu anathawa, ena ku Joni, ena kokumba miyala yamtengo wapatali. Minda ina inasowa woithyola, tiyi n'kukula kupitirira mutu wa munthu. Bambo a ana anali atanena kalekale kuti tiyi ndi mtengo, timachita kumufupikitsa ndi zala zathu, koma titaziona ndi maso panalibe woseka. Ife tinatsala chifukwa cha denga basi.

Chimene chinayamba kundidabwitsa n'chakuti nkhani zake zinayamba kubwerezabwereza. Ng'ombe yomwe ija, gulugufe yemwe uja. Ndinkati ndi njala, njala imaumitsa mutu. Koma tsiku lina masana ndinabwera ndi timatimati, iye n'kutenga pepala lake monga mwa nthawi zonse, kuliwongola pabondo. Anati, "Apa akuti nkhono ili ndi mano ochuluka kuposa ng'ona." Ndinasuzumira. Papepalapo panalibe nkhani iliyonse. Panali chithunzi cha tayala la thirakitala.

Ndinati, "Bambo a ana, tandiyang'anani." Anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga. M'maso monse muwiri munali mbuu.

"Ndi chifunga chabe," anatero. "Honde ndi wachifunga."

Ndinamulalatira, sindibisa. Ndinati munthu wodziwa mano a nkhono angalephere bwanji kuuza mkazi wake kuti sakuona? Iye anati, "Mukanatani?"

Sindinazindikire msanga chifukwa nyumba ija ankaidziwa ndi mapazi. Anakuliramo. Kumpopi, kuchimbudzi, njira yotsetsereka yopita kumunda, zonse ankayenda yekha popanda ndodo. Pakomboni paja anali munthu wopenya.

Tinapita kuchipatala wapansi. Namwino anatiuza kuti ndi ng'ala, ndipo kuichotsa si ntchito yaikulu, koma dokotala wa maso anachoka ndipo zipangizo kunalibe. Anati tidikire zinthu zikhale bwino. Pobwerera ine ndinkalira m'njira, iye n'kundigwira mkono: "Mwamva koma? Akuti amaichotsa munthu uli maso, ukumva zonse." Anasangalala kuti wapeza yatsopano yokauza anzake. Ndinafuna kumukankhira m'ngalande.

Nyengo yonse ya mvula tinabisa. Ndinkathyola mzere woyandikana ndi wake, ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kuti azinditsatira. Tiyi amafuna timasamba tiwiri tanthete ndi kansonga, ndipo zala zake zinkadziwa, koma nthawi zina ankakolola ndi masamba okhwima omwe. Tisanafike pasikelo ndinkapisa m'dengu lake n'kuwataya. Kapitawo akayandikira, bambo a ana ankakweza mawu, ng'ombe uku, udzudzu uku, kuti munthuyo aziyang'ana pakamwa m'malo moyang'ana manja.

Mvula itatha, ganyu yanga inathanso. Kumunda sankandilolanso. Ankapita yekha, kutsatira mawu a anzake, ine n'kutsala pakhomo mtima uli m'mwamba. Sizinatenge nthawi. Pasikelo anakhuthula dengu lake pansi anthu akuona, muli masamba okhwima ndi timitengo.

Kapitawo anabwera yekha kunyumba, chipewa chili m'manja. Anati, "Amayi, ine ndinadziwa kalekale. Ndatseka maso pamene ndikanatha." Akuluakulu a esiteti anali kubweretsa mabanja ochokera kutsidya, ku Mozambiki, kuti adzathyole minda yosiyidwa ija, ndipo ankafuna nyumba. Ndinamufunsa kuti tipite kuti. Ndinamukumbutsa kuti apongozi anga ali m'manda a pa esiteti pomwepo. Anayang'ana pansi. Bambo a ana anamupempha kuti akhale kaye amwe madzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zonse.

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anatibwereka kakhitchini kake kakale ku Mandeya, pakati pa nthochi, pamalo otsetsereka. Katundu wathu anakwana pawilibala. Ana ndinali nditawatumiza kale kwa mchemwali wanga ku Gaza, komboni ya m'tauni ina, poti kumeneko ankadyako kamodzi patsiku.

M'mawa woyamba ndinali panja ndikusesa pamene ndinamva chidebe chikugubuduka. Ndinalowa. Anali ataima pakati pa kanyumbako, madzi ali m'mapazi, manja atatambasula kutsogolo. Anapapasa khoma, napeza khoma linanso. Munthu amene dzulo lake anapita yekha kumpopi kukasamba.

"Mayi a ana," anatero motsitsa mawu, "khomo lili mbali iti?"

Ndinamugwira dzanja n'kumutulutsa. Kuyambira tsiku limenelo sanatulukenso yekha.