Anastazia ndi Samu Imene Inamugwetsa

Anastazia anawoloka Shire pa bwato pobwerera kwawo. Anali woyamba m'banja mwawo kufika ku yunivesite, kumene ankaphunzira za ulimi wothirira, koma anali atalephera masamu a kalikyulasi. Anamupatsa mwayi umodzi wolembanso mayeso. Akalepheranso, sukulu ithera pomwepo.

Kwawo kwa Mlolo sanapeze nyumba. Madzi anali atakokolola mudzi, ndipo makolo ake ankagona m'kalasi ya pulayimale pamodzi ndi mabanja ena.

Atafotokoza zonse, azakhali ake sanachedwe. "Masamu akukana iwe. Mwamuna uja wa ku esiteti akufunsabe za iwe, bwanji osangokwatiwa?"

Bambo ake, a Augustino, anaimirira. Kenako analoza kukhoma. "Mwananga, madzi atenga mbuzi ndi chimanga, koma bolodi ili asiya. Yamba mawa."

Funso limene linamugwetsa linali lochita intigireti, imodzi mwa njira za kalikyulasi, pa fulakishoni iyi: 1 pamwamba, x(x+1) pansi. M'mawa uliwonse akabwera kotunga madzi ankatola tizidutswa ta choko n'kulilemba. Akapeza yankho ankabwerera nalo m'mbuyo kuti aone ngati litulutse funso lija. Linkakana. Malata ankatentha, thukuta lili kamukamu, amayi ena akunong'onezana kuti sukulu yamuzunguza mutu. Iye ankafufuta n'kuyambanso.

Tsiku lina masana anasiya kulimbana ndi fulakishoni yonse nthawi imodzi. Anayesa kuigawa pawiri, ndipo inagawika: 1/x kuchotsapo 1/(x+1). Zidutswa ziwirizi ankazidziwa bwino. Analemba ln|x| − ln|x+1| + C, nabwerera m'mbuyo. Funso lija linatuluka ndendende.

"Yatheka?" anafunsa a Augustino ali pakhomo.

"Yatheka, baba. Koma ndikufuna ina yovuta kuposa iyi."

Anapitiriza choncho mpaka tsiku lonyamuka. Mayeso aja anakhoza, ndipo sanabwerezenso phunziro lina mpaka anamaliza. Lero Anastazia amayeza ngalande za madzi pa sikimu ya mpunga ku Chikwawa, ndipo alimi amadikira mawu ake asanakumbe.

Inu amene mwabwerera kumudzi ndi zotsatira zochititsa manyazi, anthu ayankhula, asiyeni ayankhule. Kulephera kamodzi si chigamulo. Khalani pansi ndi chimene chakugwetsanicho mpaka chigonje. Mtima usagwe, pitani mukalembenso.