Madzi Othira Pambuyo pa Isidora

Tsiku lomwe Isidora analephera kachiwiri mayeso a uloya ndi lomwe mkulu wina wachilendo anatulukira pa bekale ya mayi Zagorka mumzinda wa Niš. Anavala jekete lakutha m'zigongono. Anakhala pakona n'kuitanitsa burek, mtundu wa chitumbuwa chokhala ndi nyama m'kati, ndi yogati, osanena komwe wachokera.

Isidora anali mwana wamasiye. M'mawa ankagulitsa buledi pa bekalepo, masana n'kumaloweza malamulo aakulu a dziko. Ankawadziwa ngati pemphero, koma akangoima pamaso pa oyesa, lilime linkauma. Azakhali ake a ku Jeremani anali atamupezera kale ntchito yosamalira nkhalamba, ndipo iye analonjeza kuti akalephera kachitatu akwera basi, za uloya n'kuziiwala.

Mkuluyo anaona mapepala ali pambali pa sikelo.

"Mwanawe, mapepala akowo akuti chiyani za munthu amene mlandu wake wangogona m'kabati ya khoti?"

Isidora analakatula ndime yonse osapumira.

"Ndafunsa munthu, yandiyankha ndi wailesi," anatero mkuluyo. "Ndiuze ngati ndine mwini mlanduwo."

Isidora anangosonkhanitsa mapepala ake.

Mkuluyo anabweranso mawa lake, ndi mkuja womwe. Mayi Zagorka akangomuona pawindo ankati, "Isidora, konza tsitsi, chibwenzi chako chafika." Koma mafunso ake sanali oseketsa. Munthuyo akadandaule kwa yani? Nanga mboni zake zikamwalira akudikirabe? Nanga boma likamulakwira, angaliimitse ndani?

"Agogo, kodi ndinu yani? Munali jaji?"

"Ndine wodya burek. Yankha funso."

Tsiku lina Isidora anatopa n'kumenya tebulo. "Zonsezi zili mu mlandu wa Radivoje Stamenković. Anamuchotsa ntchito pa fakitale popanda chifukwa, anadikira chigamulo mpaka imvi, kenako khoti lalikulu linati ufulu wake unaphwanyidwa. Munthu ameneyu ndimadana naye. Funso la mlandu wake ndi lomwe linandigwetsa pamayeso."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Lero ndiye walankhula ngati munthu."

Kuyambira pamenepo Isidora anasintha kawerengedwe. Ndime iliyonse ankayamba waifotokozera mkuluyo m'mawu apamsika, ndipo iye akakwinya nkhope, ankayambiranso.

M'mawa wa mayeso achitatu Isidora anadzera pa bekale. Anzake onse amayi awo amawathirira madzi pambuyo potuluka pakhomo, kuti zikayende ngati madziwo. Iye chimwalirireni mayi ake, palibe anamuthirirapo. Atangotembenuka kuti azipita anamva khwaa! Mkulu uja anali pakhomo, jagi ili m'manja, ndipo madzi ananyowetsa nsapato za Isidora.

"Osacheuka," anatero. "Pita."

M'chipinda cha mayeso, timapepala ta mafunso tinali tovundikira patebulo. Isidora anatola kamodzi n'kukatembenuza. Ufulu woweruzidwa mlandu m'nthawi yoyenera. Funso lomwe lija.

Mayi wotsogolera oyesawo anayang'ana wotchi.

"Tikudikira, mnzathu."

M'mutu mwake munangomveka kulira kwa basi ya ku Jeremani. Anawerama, n'kuona nsapato zake zikadali zonyowa.

"Tiyerekeze kuti pali bambo wina amene wachotsedwa ntchito," anayamba chapansipansi. Mayi uja anasiya kuyang'ana wotchi. Isidora anayenda naye bamboyo kuchokera pageti la fakitale mpaka kukhoti lalikulu, ndipo ndime iliyonse inkabwera yokha pamalo pake. Oyesawo anamupanikiza ndi mafunso ena, koma sanagwe.

Anakhoza.

Inu amene mwagwa kamodzi kapena kawiri, mabuku musawatsekere m'sutikesi. Mwina chofunika kusintha ndi kawerengedwe chabe. Mtima wokhawo musautaye, bwereraninso pakhomo lomwe linakukanani.

Isidora anathamangira ku bekale. Mkuluyo anali pakona pake, chipewa chili kale kumutu, kachikwama kali pamiyendo.

"Ndikubwerera kwathu," anatero. "Ndinabwera kudzaona manda a mkazi wanga. Anamwalira tikudikira chigamulo. Loya amene anandiwinitsa analinso kamtsikana konjenjemera ngati iwe."

Isidora anamuyang'anitsitsa.

"Agogo, dzina lanu?"

"Ulidziwa bwino, paja umadana nalo." Anamwetulira. "Radivoje Stamenković."