Ndinatsitsa Thanki Maliro Ali Pamwamba Panga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera ku kwaya. Nditamaliza maphunziro a umakaniko ndinakhala nthawi yaitali kwathu ku Ngungu, muno m'Kabwe, ndili manja lende, mpaka mnzanga woimba besi anandiuza kuti amalume ake, a Sakala, akufuna munthu pa garaji yawo ku Kamushanga. A Sakala anali atagwirapo ntchito ku njanji. Mapepala anga sanawayang'ane n'komwe. Anandilozera motoka ina kuti ndisinthe filita ya dizilo osatayira pansi, ndipo nditamaliza anangoti, "Mawa ubwere na ovolosi."

Anali mmisiri wa manja opepuka, koma kufufuza vuto nthawi yaitali sankakukonda. Lamulo lawo linali limodzi: motoka ilire, kasitomala apite.

Mmawa wina anatiimbira foni kuti pikapu ya a Mwanza a ku Nakoli yafera pa msewu wa ku Lusaka, kungotuluka m'tauni. Motokayo ndinkaidziwa. Inali yadizilo, yokalamba, yatha zaka ikunyamula makala ndi chimanga, mita ya mtunda inafa kalekale. Koma tsikulo inanyamula bokosi. Mng'ono wa a Mwanza anali atamwalira, ndipo ankapita naye ku Petauke kukaika.

Titafika tinapeza azimayi atakhala m'mbali mwa msewu, nyimbo atasiya. Mmodzi anakhala payekha patali ndi anzake, chitenje chili kumutu. Anali amake Misozi, mkazi wa malemu, wa mtundu wa Alenje a konkuno ku Kabwe. Dalaivala, mphwake wa a Mwanza, anatifotokozera kuti motoka imayenda bwino pang'ono, kenako imayamba kutsokomola, kunjenjemera, mphamvu n'kutha, n'kuzima. Akaisiya kanthawi n'kupopa dizilo, imalira ngati palibe chachitika. Ikangoyambanso kuthamanga, zomwezo.

A Mwanza anamudula mawu. "Motoka ilibe mulandu iyi. Ni malemu akana kuyenda na uja mukazi. Aziba zamene anachita."

Anali atagamula kale kuti mayiyo abwerere ku Nakoli, asakaone manda a mwamuna wake. Aliyense pamalopo ankadziwa chotsatira chake. Mkazi amene maliro amukana pamsewu, mawa lake amamulanda nyumba, ndipo ana amakula akumva kuti amayi awo anapha bambo awo.

Ndinatsegula boneti. Sitata inkazungulira bwino, kotero batire ndinaichotsa pa mlandu. Filita ya mpweya inali yafumbi koma yosatsekeka. Ndinamasula kasikulu ka pansi pa filita ya dizilo kuti ndione ngati muli madzi, panatuluka timadontho chabe. Kenako ndinauza dalaivala kuti alize injini n'kuponda kwambiri. Itayamba kutsokomola ndinayang'ana kabatani kopopera dizilo kamene kamakhala pamwamba pa filita. Kanali katamira, osabwereranso. Zikatero ndiye kuti pampu ikukoka koma kumbuyo sikukubwera kanthu. Ndinathamangira kukatsegula chivindikiro cha thanki, kumvetsera ngati mpweya ulowe ndi mluzu. Zii, kotero vuto silinali la mpweya m'thanki. Ndiye ndinazula paipi yochokera ku thanki, n'kulumikiza ina yochokera m'chigubu cha dizilo, n'kupopa mpaka thovu litatha. Injini inalira bwinobwino, ngakhale ataiponda bwanji.

"Basi," anatero a Sakala. "Mangilira chigubu, bayende. Thanki tizaiona bakabwera."

Ndikanamanga. Koma a Mwanza anatembenukira kwa anthu n'kukweza mawu: "Mwaona? Waseluka mu motoka uja mukazi, yalira!"

Apa mtima unandiwawa. Chigubu changa chomwe chinali chitasanduka mboni yonamizira munthu. Ndinauza a Sakala kuti nditsitsa thanki pomwepo. Anandikokera kuseri kwa motoka yawo.

"Iwe Yotamu, ise tikonza mamotoka, osati maliro. Za pabanja pa bene zisiye."

"Bosi, tikamanga chigubu, tavomereza kuti mayi uja ni mfiti."

"Ukagwira thanki iyo, nchito yako pa garaji yanga yasila."

Ndinatenga bokosi la masipana n'kulowa pansi pa pikapu. Sindinganame, sindinathe kuiwala kuti pamwamba pa nkhope yanga, kuseri kwa chitsulo, pagona munthu. Koma manja anagwira ntchito yawo. Dalaivala anandithandiza kukoka dizilo ndi paipi kuthira m'zigubu kuti thanki ipepuke. Ndinaichirikiza ndi jeke ndi thabwa, ndinamasula mapaipi ndi waya wa geji, kenako mabauti a malamba awiri oigwira. Anali adzimbiri, limodzi linandisenda chala. Dzuwa linakwera. Kunja ndinkamva a Mwanza akukalipa kuti ndikuchedwetsa maliro dala, kuti mwina mayiyo wandipatsa kanthu. Ine ndinapitiriza kumasula. Nanenso mantha ndinali nawo, chifukwa m'thankimo mukanapezeka mulibe kanthu, ine ndi amake Misozi tikanagwera dzenje limodzi.

Thanki tinaikokera poyera, pamaso pa onse. Ndinamasula chimbale cha pamwamba n'kusolola kapaipi koyamwa dizilo. Kumapeto kwake, pa kasefa, panali patamata chipulasitiki cha buledi, chofewa ngati khungu la mkaka. Ndinachikweza m'mwamba, dizilo akutsikira m'mkono.

"Malemu sanakane munthu," ndinatero. "Injini ikakoka mwamphamvu, ichi chimamata pakamwa pa paipi. Ikazima chimayandama, motoka n'kulira. Chinalowa bwanji muno?"

Dalaivala anayang'ana pansi. Ananena motsitsa mawu kuti chivindikiro cha thanki chinatayikapo, ndipo kwa miyezi ingapo ankatseka ndi pulasitiki ndi mphira asanagule china. Anawonjeza kuti motokayo inazimapo chimodzimodzi popita kokatenga makala, amalume ake ali momwemo.

A Mwanza sanapepese. Anangoti nthawi yatha, tifulumire. Ndinatsuka kasefa, ndinabwezera thanki, ndinapopa mpweya wonse, koma makiyi ndinawagwira m'manja mwanga.

"Amake Misozi akwere kaye," ndinatero. "Tiyese motoka iwo ali momwemo, aliyense aone."

Mayi wina wachikulire wa mu mphakati wa kutchalitchi anadzuka, anakagwira amake Misozi dzanja n'kuwakhazika pafupi ndi bokosi. Ndinayendetsa ndekha mtunda wabwino ndithu ndikuponda mwamphamvu, n'kubwerera. Injini sinatsokomole ngakhale kamodzi. Azimayi anayambanso nyimbo. Asananyamuke, amake Misozi anandiitana. Sananene zikomo. Anangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Nipatseni chija chipulasitiki." Anachimanga pa nsonga ya chitenje kuti akachionetse kumudzi, chifukwa mbiri yoti malemu amukana inali itafika kale kumeneko pa foni.

A Sakala anasunga mawu awo. Titabwerera n'kufika pa geti anati, "Garaji yanga si khoti. Tenga zako." Ndinatenga zanga. Miyezi yotsatira inali yowawa, ndinkakonza mamotoka pansi pa mtengo ku Ngungu ndi masipana obwereka. Anthu ena a ku tchalitchi anandiuza kuti ndikapepese. Sindinapite, ndipo mpaka lero sindiona choti ndikanapepesa.

Tsopano ndili ndi malo anga. Kasitomala akabwera ndi motoka yozimazima n'kunena kuti ndingoilizitsa apite, ndimamuuza kuti magaraji ndi ambiri m'Kabwe. Ine sinditseka boneti ndisanachigwire m'manja chimene chazimitsa injini. Vuto likapanda kupezeka m'motoka, anthu amakalipeza mwa munthu, ndipo amasankha amene alibe womuyankhira.