Mayi Dorica ndi Mwana wa Tenanti

Mayi Dorica anafika ku Mitundu mu 1995 ngati mlangizi woona za ana amasiye, atangomaliza maphunziro. Ku koleji mphunzitsi wawo, a Wilson, ankabwereza mfundo imodzi: mwana wamasiye asachotsedwe pakati pa abale ake zivute zitani. Mayi Dorica ankaikhulupirira ngati vesi la m'Baibulo.

Chaka chomwecho, pa esiteti ina ya fodya panamwalira tenanti wochokera ku Mzimba, mkazi wake n'kutsatira mvula isanagwe. Anasiya kamtsikana kotchedwa Masozi. Masisitere a pa mishoni ina ankafuna kukalera mwanayo, koma mayi Dorica anakana. Anamukweza pa njinga mpaka ku Nathenje kwa amalume ake, a Jeremiah, ogulitsa makala.

Atapitako nthawi yokolola, anamupeza m'khola la mbuzi, momwe ankagona. Mapazi ake anali atadyeka ndi matekenya, mafinya akutuluka, ntchentche zitamuunjirira.

"Bambo Jeremiah, mwanayu si magazi anu kodi?"

"Musadandaule, amayi," anatero a Jeremiah akutokosa m'mano. "Kapitawo wa pa esiteti wamufunsira kale ukwati. Azikadya bwino kumeneko."

Mayi Dorica analavula pansi, n'kumutenga mwanayo kupita naye kunyumba kwawo.

Mwezi wotsatira anaitanidwa ku msonkhano wa mabungwe amene anabwera ndi ndale za matipate, pa hotela ina mu Lilongwe. A Wilson, amene anangomva zoti Masozi anaperekedwa kwa amalume ake, anamutchula ngati umboni woti mfundo yawo ikugwira ntchito. Anthu anawomba m'manja.

Pa nthawi ya chakudya mayi Dorica anawafotokozera a Wilson zonse: za khola, za matekenya, za kapitawo.

"Pepani, koma banja limodzi silingagwetse kafukufuku," anayankha a Wilson akung'amba ntchafu ya nkhuku, mafuta akuyenderera pachibwano. "Ndiponso kusunga mwanayo kwanu n'kulakwa. Mlangizi sasakaniza ntchito ndi chisoni."

Mayi Dorica anaimirira. Anakankha mbale, n'kutuluka msonkhano usanathe.

Mabwana awo anawadzudzula chifukwa chosunga Masozi, ndipo sanakwezedwepo pa ntchito mpaka kupuma. Sanasiye kupereka ana kwa abale, popeza ambiri ankasamalidwa ndithu, koma ankawayendera mosawadziwitsa, ngakhale mvula ikugwa. Masozi anakulira pakhomo pawo, akuwaitana kuti azakhali. Anaphunzira mpaka Fomu 2, kenako anatsegula kashopu ka utelala pa msika wa Mitundu.