Nthiti za Bwato la ku Debeni

Ndinachoka ku Lirangwe Chitaganya chitangoyamba kumene. Chimanga chinali chitapserera m'munda, mkazi wanga Esinati ali ndi pakati. Anzanga ankakwera ndege pa Chileka kupita kumigodi, koma ine pansi pa nthaka ndinkapaopa. Ndinakwera sitima, sowo ndi hamala zili m'thumba, mpaka ndinakafika ku Debeni.

Kudoko ndinapeza ntchito kwa mzungu wina wokalamba, a Hanseni, okonza mabwato a matanga ochitira mpikisano. M'shedi mwawo munali bwato lakalekale, lalitali, lowonda, nthiti zake zitawola. Eni ake ankafuna kuliwaza nkhuni, a Hanseni n'kuligula.

Tinkachotsa nthiti imodziimodzi. Thabwa latsopano tinkalifewetsa ndi nthunzi, n'kulipinda likadali lotentha, n'kukhoma ndi misomali yamkuwa. M'mipata tinkatsendera thonje, pamwamba phula. "Tsinzina diso limodzi, Wilisoni," ankatero a Hanseni. "Mzere ukakhota, madzi adzakuwuza." Zonse zomwe manja angawa amadziwa ndinaziphunzira kwa bambo amenewo.

Lamulungu ndilo linkandivuta. Ndinkakhala ndekha kuseli kwa shedi, wolankhula naye Chinyanja palibe. Kalata inabwera yoti kwabadwa mwana wamkazi, Magireti. Ndalama ndinkatumiza, koma miyezi ina inkadutsa osatumiza kanthu. Chaka chilichonse ndinkalemba kuti ndikubwera, osabwera. Ndinkafuna ndilione bwatolo likuyandama.

Bwato linatha, ndipo tsiku la mpikisano azungu ena anang'ung'udza atandiona ndikukwera. A Hanseni anangondipatsa chingwe cha thanga lakutsogolo. Mphepo itadzaza matanga, bwato linapendekeka n'kuyamba kung'amba mafunde. Ndinasanza, manja anasupuka, koma chingwe sindinachitaye. Tinakhala achiwiri. Titatsika, ndinasowa womuwuza chimwemwe changa. Mwezi womwewo ndinatsanzika.

Ndinatsika pa siteshoni ya Lirangwe ndikuganiza kuti mwina ukwati unatha kalekale. Esinati ndinamupeza akusola nandolo. Magireti, wamsinkhu wopita kusukulu, anabisala kumbuyo kwa amake.

Denga la nyumba linali lachilendo. Nditafunsa, Esinati anati mphepo inasasula lakale, ndipo mchimwene wake, Yohane, ndi anthu a kutchalitchi anafolera lina. Mwana atadwala chikuku, Yohane yemweyo ndiye anamuthamangitsira kuchipatala panjinga.

"Bwanji simunalembe?" ndinafunsa.

"Mukanatani muli kutaliko?" anayankha, osakweza mawu.

Ine ndinkayesa kuti mudzi ukudya za m'manja mwanga. Ntchito yanga yoyamba nditabwera inali chitseko cha mlombwa cha nyumba ya Yohane, chokhoma ndi misomali yamkuwa yomwe a Hanseni anandipatsa potsanzikana. Nditayamba kuthokoza, Yohane anandidula.

"Alamu, zisiyeni zimenezo. Mwanayu wazolowera kunditchula ine bambo. Ntchito yanu yatsala pamenepo."