Kamba Wanga Paulendo Wochoka ku Chisenga

Mphepo ya ku Chisenga mwezi wa Okutobala inkanunkha fumbi ndi udzu wopsa. Mwezi umenewo, ndili Sitandade 3, bambo anga, omwe anali mphunzitsi, anasamutsidwira ku Kaseye.

Ndinali ndi kamba amene ndinamutola m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Ankakhala m'kakhola ka njerwa kuseri kwa khitchini, akudya chisoso ndi makoko a papaya pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopanda mano. Mayi ankandiseka kuti kamba amanyera womutola, ndipo madiresi anga onse anali mboni. Komabe ndinkamukonda, mwina kuposa mlongo wanga.

Tsiku losamuka kunabwera pikapu. Dalaivala wake, bambo wamtali wakomweko, atandiona nditafukata kamba anapukusa mutu.

"Yayi, asambizgi," anauza bambo, kuwatchula aphunzitsi m'Chitumbuka, "chinthu icho m'galimoto yanga sichikwera. Anthu adzati ndikunyamula zizimba."

Bambo sankakonda mikangano, choncho anandilamula kuti ndikamusiye kutchire. Ine sindinapiteko. Ndinamulowetsa m'poto wamkulu wa mayi, n'kumanga chivundikiro ndi linya katatu kuti asagwe pa mabampu. Dalaivala, osadziwa kanthu, anamuika potoyo pamwamba penipeni pa katundu, ine n'kukhala kutsogolo pamiyendo ya mayi.

Dzuwa linali loswa mtengo. Ndinkangocheukira pawindo lakumbuyo kuyang'ana potoyo akung'anima. Pa mlatho wina wamatabwa anagubuduka n'kukakhala chadodolido pakati pa matumba a chimanga, ndipo ndinkadziwa kuti kamba akagona chagada sadzuka yekha. Kuulula ndinkaopa: akanamutaya pamsewu, ine n'kulawa mkwapulo. Kawiri konse ndinapempha kukataya madzi, koma dalaivala naye ankatsika n'kumakoka zingwe pomwepo pa katundu. Ndinangoyamba kulira, mayi n'kumandisisita poganiza kuti ndasowa anzanga.

Titafika, poto sankagwirika kutentha. Ndinathawira naye kuseri kwa nyumba yatsopano, n'kumasula linya ndi mano. Kamba anali atatulutsa khosi ndi miyendo yonse, ndipo nditamuthira madzi sanabweze chilichonse.

Kwa zaka zambiri ndinkadana naye dalaivala uja, ndinkati ndiye anandiphera kamba. Pano ndikudziwa kuti ndikanamumvera, kambayo akanalowa m'tchire lakwawo. Ine ndinkaopa mabampu okha. Sindinkadziwa kuti m'poto womangidwa bwino chotero simulowa mpweya, ndipo mfundo zonse zitatu ndinamanga ndekha.